Za kampira kanga kaja kosiya mchira

Anzanga, ndabweranso ndi nkhani ya kampira kaja. Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake kampira kamene ndinajambula mu p5.js (chida cholembera mapulogalamu ojambula zithunzi pa kompyuta), pa ntchito ya m'kalasi yathu ya oyamba kumene, kankasiya mzere wautali ngati njira ya nkhono kakamatsatira mouse.

Vuto lake linali laling'ono mochititsa manyazi. Lamulo la background(), limene limapaka utoto pamalo onse ojambulapo, ndinaliika mu setup(), gawo limene kompyuta imaliwerenga kamodzi kokha poyambirira. Pomwe draw() imabwerezedwa pafupifupi ka 60 pa sekondi iliyonse, ndiye inkangojambula kampira katsopano pamwamba pa takale osafufuta. Nditasamutsira background() kumayambiriro kwa draw(), mchira unatheratu. Zikomo kwambiri inu amene munandiuza kuti ndiyang'ane pamenepo.

Chodabwitsa n'chakuti mchira uja ndinayamba kuusowa! Ndiye ndinalemba background(0, 20). Nambala yoyambayo ndi ya utoto wakuda, pomwe yachiwiriyo imapangitsa utoto wakudawo kukhala wopyapyala, woonekera mkati, motero mchira umazimiririka pang'onopang'ono ngati utsi. Aphunzitsi atauona anaima kaye pa desiki yanga n'kugwira okha mouse.

China chimene chinandizunguza mutu n'chakuti nambala ya y, yosonyeza kukwera kapena kutsika kwa chinthu, imakula ukamatsika, popeza (0, 0) ili pakona yakumwamba kumanzere. Ine ndinkatsata masamu a ku sekondale, kampira n'kumagwera kudenga.

Panopa ndikufuna kazibwerera kakagunda m'mphepete. Ndachulukitsa liwiro lake ndi -1, koma nthawi zina kakumakakamira pakhomapo n'kumanjenjemera. Alipo anakumanapo nazo?