Kozi yapa intaneti ya matenda a mtima mwa ana, imathandizadi ife akumahefu senta?

Namwino_Dwangwa: Moni nonse. Ndine namwino, ndili chakuno ku Dwangwa. Pagulupu yathu ya WhatsApp anthu akutumizirana makozi apa intaneti a matenda a mtima mwa ana, ena aulere ena olipira, ndiye ndati ndifunse kaye ndisanaononge bandulo. Munthu ungaphunziredi za mtima pafoni? Kuno tili ndi stethoscope ndi kamakina kopanira chala koyezera oxygen m'magazi kaja basi, echo (sikani ya mtima) tingoimva. Amene munapangako ndiuzeni chilungamo, osangoti bola ma CPD, mapointi a maphunziro apantchito aja.

CO_wakuSalima: Asisi pangani, koma musaganize kuti mukamaliza muziwerenga echo ayi, imeneyo ndi yamanja, mpaka wina akugwireni dzanja pa probe, kachipangizo koyendetsa pachifuwa. Chimene kozi imakupatsa ndi kukayikira. Khanda loti likamayamwa limatopa msanga, thukuta kamukamu pachipumi, kupuma mothamanga, sikelo siyikukwera, chibayo chomangobwerabwera, ambirife timangopereka amoxicillin mwanayo nkumapita, mwezi wamawa wabweranso, pomwe mwina ali ndi chibowo mumtima, VSD, imene ndiyofala kwambiri mwa matenda obadwa nawo. Ndipo sizosowa ayi, pafupifupi mwana m'modzi pa 100 aliyense amabadwa ndi vuto la mtima. Sankhani kozi yokhala ndi maodiyo a murmur (kaphokoso kachilendo ka mtima), mumvere ndi mahedifoni, sipika ya foni imameza zonse.

Mai_Nasi: Ine ndiwonjezere pang'ono mwana wanga. Makozi ambiri anapangidwira kunja, amatha maola akukamba za opaleshoni ndi catheter zomwe kwanuko simudzazigwira, pomwe chimene chikutithera ana kunyanja kuno ndi RHD (rheumatic heart disease), matenda oononga ma valve, zitseko za mumtima. Zimayamba ndi zilonda zapakhosi za bakiteriya wa strep, makamaka ana a zaka 5 mpaka 15, kunyumba angoti ndi chimfine chitha chokha, pakapita masabata awiri atatu mfundo zayamba kutupa, lero bondo mawa chigongono, thupi kutentha. Ena amayamba kugwedezeka manja ndi nkhope osafuna, kulemba m'kalasi kukanika, phala kutayika pasupuni, ndiye abale amathamangira kwa asing'anga kapena kumapemphero poganiza kuti ndi ziwanda kapena wamulodza, pomwe ndi chorea, chizindikiro cha matenda omwewa. Akamafika kwa inu ali ndi zaka 14 miyendo yatupa, sangagone chagada, ma valve apita kale. Ndiye pakoziyo funani gawo la Jones criteria (zizindikiro zodziwira matendawa) ndi la benzathine penicillin, jakisoni woteteza mtima wa masabata anayi alionse kwa zaka zambiri. Ndi wowawa, ndipo amauma msanga mu singano ukamachedwa kubaya, ana amathawa, ndiye luso lenileni ndi kumunyengerera mwana ndi mayi ake kuti abwerenso. Izi simufunika echo kuti muyambe kuzisamala.

Kadzidzi265: Kkkk mukukamba zabwino koma netiweki yake iti? Vidiyo ya ola lathunthu magetsi atazima, foni ili pa 9%. Ine ndimadawunilodiratu ndikapita pa boma, kenako nkumaonera usiku pa duty kukakhala zii.

CO_wakuSalima: Zoona madala, za live zija kuno nzovuta, pezani zoti mungasunge. China asisi, mukamukayikira mwana lembani bwino kalata yomutumizira: saturation (kuchuluka kwa oxygen m'magazi), sikelo, zomwe mwamva pachifuwa. Yambani ndi chipatala cha boma ku Nkhotakota, iwo ndi amene atumize ku Kamuzu Central ku Lilongwe kukapanga echo. Funsaninso za PEN-Plus, pulogalamu ya makiliniki a matenda aakulu osapatsirana, kuno ku Malawi inayambira ku Neno, RHD ndi matenda a mtima obadwa nawo ali momwemo.

Namwino_Dwangwa: Zikomo akuluakulu, ndilembetsa. Mai_Nasi, pa benzathine paja, kusakaniza ndi lignocaine (mankhwala ochititsa dzanzi) inu mumapanga? Anzanga kuno amaopa kubaya, akuti mwana akhoza kukomoka mmanja mwako.