Mwana wanga wa autism akuloweza Chingerezi cha pa YouTube koma salankhula nafe, ndithandizeni nzeru

Makolo anzanga, aphunzitsi ndi nonse amene mumasamalira ana a autism, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo kwa miyezi ingapo. Ndine mayi wa ku Lilongwe, ndipo mwana wanga wamwamuna, yemwe ali ndi zaka zinayi ndi theka, madokotala anamupeza chaka chatha ndi autism, vuto limene limakhudza mmene mwana amalankhulira ndi kuchezera ndi ena. Pakhomo timalankhula Chichewa, koma sukulu ya mkaka imene yavomera kumulandira imaphunzitsa m'Chingerezi, choncho ndinayamba kumuonetsa mavidiyo a ana pa YouTube kuti makutu ake azolowereko chinenerocho.

Mwana amene mawu ake a Chichewa sakwana 20, amene akamva ludzu amangondigwira dzanja n'kundikokera pa ndowa, lero amawerenga manambala m'Chingerezi, amatchula mayina a nyama, ndiponso amabwereza ziganizo zathunthu ndi kamvekedwe kenikeni ka munthu wa m'vidiyo. Tsiku loyamba kumumva ndinagwetsa misozi yachimwemwe. Patapita masabata angapo ndinazindikira kuti mawuwo sakulankhula ndi ine. Liwu la Chingerezi lotanthauza madzi amalidziwa bwino, koma sanalitchulepo ngakhale kamodzi pofuna kumwa.

Katswiri wothandiza ana kulankhula, amene timakumana naye mwa apo ndi apo chifukwa akatswiri otere ndi ochepa kwathu kuno, anandiuza kuti kubwereza mawu kotereku amakutcha echolalia, ndipo anandichenjeza kuti ndisamuletse, pakuti ana ena a autism amayamba aloweza chiganizo chonse kenako n'kudzachiphwanya pang'onopang'ono. Ndaonadi kanthu kamodzi kondilimbitsa mtima. M'vidiyo ina muli chiganizo chimene amanena potsanzikana, ndipo iye wayamba kuchinena m'mawa uliwonse bambo ake akamatseka chitseko kupita kuntchito. Sawayang'ana kumaso, amangochinena akuyang'ana khoma, komabe sachinena nthawi ina iliyonse. Kwa ine zimenezi zikusonyeza kuti tanthauzo akuligwira, ngakhale kuti njira yake ndi yosiyana ndi ya ana ena.

Nkhawa yanga inakula nditawerenga za kafukufuku wa Patricia Kuhl ndi anzake ku Seattle, ku America, amene anatuluka mu 2003. Makanda a miyezi 9 amene ankasewera ndi munthu wolankhula Chitchaina cha Mandarin pamaso m'pamaso anaphunzira kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a chinenerocho, pamene amene ankangoonera anthu omwewo pa vidiyo sanaphunzire. Makandawo anali aang'ono kwambiri poyerekeza ndi wanga, komabe uthenga wake ndinaumva: vidiyo payokha siikwanira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO nalonso mu 2019 linalangiza kuti mwana wa zaka ziwiri mpaka zinayi asamapitirire ola limodzi patsiku akuonera. Ndivomere kuti masiku ena timapitirira, makamaka ndikakhala pa mbaula kapena ndikuchapa, chifukwa kumulanda foni kumabweretsa kulira ndi kudzimenyetsa pansi kumene kumatenga nthawi kuti kuthe.

Zimene ndayesa ndi izi. Ndinazimitsa autoplay kuti vidiyo ina isamangoyamba yokha, ndinasunga mavidiyo atatu okha m'foni, zomwe zapulumutsanso ndalama za intaneti, ndipo ndimachepetsa liwiro kufika pa 0.75 kuti mawu azimveka bwino. Ndikakhala naye ndimaimitsa vidiyo pamene aonetsa kapu, n'kumupatsa kapu yeniyeni m'manja. Chimene chaoneka kuti chikuthandiza kuposa zonse ndi kavidiyo ka theka la mphindi kamene ndinajambula ndekha m'khitchini mwathu, msuweni wake akupempha madzi n'kupatsidwa. Amakaonera mobwerezabwereza osatopa, ndipo sabata yatha ananyamula kapu n'kubwera nayo kwa ine m'malo mondikoka dzanja. Pano ndaima pamphambano, chifukwa kavidiyoko kali m'Chichewa, ndipo ndikulephera kusankha ngati ndijambule kena kofanana m'Chingerezi tsopano kapena ndidikire kuti ayambe watchula liwulo m'chinenero chimodzi.

Pali abale ena amene akundiuza kuti tileke Chichewa pakhomo, ati zinenero ziwiri zikumusokoneza. Malangizo amenewa mtima wanga ukuwakana. Zimene ndawerenga zikusonyeza kuti ofufuza sanapeze umboni woti kukula ndi zinenero ziwiri kumabwezera m'mbuyo ana a autism. Kuwonjezera apo, agogo ake ku Dedza sadziwa Chingerezi, ndipo iwo ndi amene amatha kumutonthoza pomuimbira nyimbo zakwathu akasokonezeka. Kumuchotsera Chichewa ndiko kumuchotsera agogo akewo.

Tsono inu amene munadutsamo, mwana wanu anachoka bwanji pa kubwereza mawu a m'vidiyo kufika pa kuwagwiritsa ntchito popempha chinthu kapena poyankha funso, ndipo zinatenga nthawi yaitali bwanji? Kodi munagawa zinenero potengera munthu, kuti bambo azilankhula china mayi china, kapena potengera nthawi ya tsiku? Aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, ndikufunitsitsa kumva ngati mavidiyo a nyimbo ndi zidole zothamanga muwaona ngati othandiza, kapena ndi bwino kusankha okhawo amene muli nkhope ya munthu weniweni wolankhula modekha. Ndipo ngati alipo amene anapeza njira yomalizira nthawi yoonera popanda mwana kudzipweteka, chonde ndifotokozereni mwatsatanetsatane mmene mumachitira, kuyambira pomuchenjeza kuti nthawi yatsala pang'ono mpaka pamene foni yabwerera m'manja mwanu.