Amene mukugwira ntchito m'nyumba za Ayuda, ndithandizeni pa nkhani ya vinyo ndi chitofu

Moni nonse m'gulu muno. Ndimaphikira banja la Chiyuda ku Glenhazel, Johannesburg, ndipo ndi anthu osunga kwambiri kosher, malamulo a Chiyuda a zakudya. Zosasakaniza nyama ndi mkaka ndinazizolowera, mapoto ake ndi osiyana basi. Zandizunguza ndi ziwiri.

Botolo la vinyo likatsegulidwa sindiloledwa kuthira m'matambula, pokhapokha palembedwe kuti mevushal, vinyo amene anawiritsidwa. Ndiye chitofu: amayatsa ndi madamu, ine n'kuyikapo poto.

Ndinawafunsa madamu, anangoti ndi lamulo la arabi, aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda. Pa intaneti ndinapeza kuti nkhaniyi ili m'gawo la Talmud (mabuku a malamulo a Chiyuda) lotchedwa Avodah Zarah: vinyo wothiridwa nsembe kwa mafano ndi woletsedwa, ndipo arabi anawonjezera kuletsa vinyo aliyense wa munthu wosakhala Myuda, poopanso kuti kumwera limodzi kungafikitse ku maukwati. Lamulo la zophikazo akuti ndi bishul akum, kutanthauza chakudya chophikidwa ndi munthu wosakhala Myuda. Koma mnzanga amene amaphikira banja la Asefadi (gulu lina la Ayuda) akuti kwawo kuyatsa kokha sikukwanira, mwini nyumba amayika yekha poto pamoto.

Funso langa ndi ili: moto ukazima madamu atachoka, ine n'kuyatsanso, ndiwo zija zawonongeka? Nanga poto uja amafunika kumuyeretsa mwapadera? Komanso ine ndine Mkhristu, mafano sindipembedza, nanga lamulo la vinyo likundikhudza bwanji? Sindikudandaula ayi, ndi anthu abwino, koma sindikufuna kuwatayitsa chakudya cha pa Sabata. Amene mukudziwa chonde ndimasulireni.