Shuga pa chilonda cha mafinya: akusungunuka usiku, fungo likubwerera

Namwino wa ku wodi ya abambo:
Anzanga, ndigawireni nzeru. Tili ndi bambo wina wa chilonda chakuya pathako, chobwera chifukwa chogonera mbali imodzi nthawi yaitali. Mafinya ndi ambiri, fungo losaneneka. Tikuthira shuga kamodzi patsiku, m'mawa. Masana fungo limachepa ndithu, koma kukacha shuga yense wasanduka madzi, gozi wanyowa, fungo labwerera. Tipitirize kapena tisiye?

Sisita wamkulu:
Musasiye, mng'ono wanga. Vuto ndi kamodzi patsikuko. Shuga akakhala wouma ndi wambiri amakoka madzi a pachilonda, mabakiteriya n'kusowa chinyezi choti achulukanemo. Akasungunuka mphamvu ija yatha, ndipo madzi otsekemerawo angathe kudyetsa mabakiteriya omwewo. Chilonda chotuluka madzi chonchi muzimanga kawiri kapena katatu patsiku masiku oyambawa. Tsukani ndi saline (madzi amchere a kuchipatala), pukutani, kenako dzazani dzenje lonse mpaka pakamwa pake, osati kungowaza ngati mchere. M'mbali pakani Vaseline kuti khungu lisafewe ndi chinyezi, pamwamba gozi wokhuthala. Mukamasula n'kupeza timibulu ta shuga tikadalipo, mutha kuyamba kutalikitsa nthawi.

Clinical officer:
Ndikugwirizana ndi asisita. Koma mnofu wakuda kapena wachikasu uja mwauchotsa? Shuga amathandiza kuufewetsa, koma ukakhala wochindikala ufunika kudulidwa. Mukadula, dikirani magazi aleke kutuluka musanathire. Komanso onani wodwala yense, osati chilonda chokha. Thupi likatentha, kufiira kukamafalikira m'mbali, kapena mukamagunda fupa pansi pa chilondacho, apo pafunika maantibayotiki ndi dokotala, shuga yekha sangathe.

Namwino wa ku wodi ya abambo:
Thupi silikutentha, fupa sitinalipeze. Mnofu wachikasu ulipo pang'ono. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti ali ndi matenda a shuga, ndipo achibale awo akuopa kwambiri.

Clinical officer:
Afotokozereni modekha. Shuga wa m'paketi ndi sucrose, ndipo chimene chimamuphwanya kukhala glucose chili m'matumbo, osati pachilonda. Muziyezabe magazi monga mwa masiku onse. Ine chimene ndimasamala kwambiri ndi impso: mu 1987 madokotala a ku France analemba za wodwala amene impso zake zinasiya kugwira ntchito atadzazidwa shuga wambiri m'chilonda chakuya. Dzenje likakhala lalikulu, yezani creatinine m'magazi, amene amasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, ndipo muziona mkodzo.

Namwino wa ku theatre:
Kwa achibale okayika, auzeni kuti si mankhwala ongopeka. Dokotala Leon Herszage wa ku Argentina analemba za njirayi cha mu 1980, ndipo namwino wa ku Zimbabwe, Moses Murandu, waifufuza pa yunivesite ya Wolverhampton. Kafukufuku wa ku Blantyre wa 2007 anayerekeza uchi ndi shuga, uchi unaposako pang'ono. Kafukufuku yenseyu ndi wochepa, choncho tisalonjeze zodabwitsa. Shugayo akhale woyera, wa paketi yosatsegula, musunge m'chotengera chotseka cha wodwala yekhayo. Nyerere zikamununkhiza zimafika mpaka pabedi.

Sisita wamkulu:
Ndipo bambowo muziwatembenuza maola awiri aliwonse. Akamagonerabe pachilondapo, ngakhale mumange katatu sichipola.

Namwino wa ku wodi ya abambo:
Zikomo nonse. Ndalankhula ndi a usiku, avomera kumanga kachitatu asanazimitse magetsi. Creatinine titumiza mawa, ndipo ndapempha dokotala adzaone mnofu wachikasuwo pa raundi.