Andikweza kukhala kapitawo, anyamata asiya kundimvera

Kapitawo wa ku Ulongwe:
Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ndili pa depoti yogula chimanga ndi soya kuno ku Ulongwe. Zaka zinayi ndinali pa sikelo, mu Epulo bwana anandikweza kuti ndiziyang'anira anyamata 14 onyamula matumba. Chiyambire pamenepo palibe chikuyenda. Lachiwiri lole ya matani 30 inafika 7 koloko kudzapakira chimanga cha ku Tete. Matumba 600 a 50 kg, ntchito imene timaimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Inanyamuka 5 koloko madzulo, dalaivala akunditukwana. Palibe anakana ntchito ayi, koma thumba lililonse ankalinyamula ngati muli mazira. Uyu wapita kukamwa madzi, uyo akusoka thumba losang'ambika n'komwe.

Pali madala ena akhala pano chitsegulire depotiyi, ndi amene ankagawa ntchito ngakhale analibe udindo. Ine ndikalankhula m'mawa onse amayang'ana pansi, kenako maso kwa madalawo. Chondipweteka kwambiri, ndikamukaniza munthu kanthu amangoimbira bwana ku Tete, bwana n'kuvomera osandiuza. Dzulo ndalemba wina kuti wajomba, lero wandionetsa M-Pesa ya 500 meticais imene bwana wamutumizira ya ulendo wa ku maliro. Kale tinkadyera pamodzi nsima pansi pa mtengo wa mapichesi, pano ndikangofika nkhani imatha. Nditani? Soya ndi uyu wayamba kulowa.

Wa ku Furancungo:
Achimwene musazungulire. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Chotsani madalawo, sabata imodzi yokha anyamata aongoka.

Mayi wa maofesi ku Moatize:
Chonde musamvere zimenezo. Muwachotsa pa mlandu wanji? Kuyang'anidwa ndi anyamata si mlandu. Lei do Trabalho (lamulo la ntchito la ku Mozambique) yatsopano ija, 13/2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2024, sinachotse processo disciplinar, ndondomeko yozengera wantchito mlandu asanachotsedwe. Munthu umamupatsa nota de culpa, kalata yofotokoza mlandu wake, amayankha, kenako ndi pamene chigamulo chimatuluka. Mukalumpha zimenezi nkhani ikafika ku Inspecção do Trabalho, ofesi ya boma yoyendera za ntchito, kapena ku khoti, bwana wanuyo alipira, ndipo mkwiyo wake udzathera pa inu. Komanso samalani ndi kudula malipiro a munthu amene wapita ku maliro, lamulo limalola masiku ena akamwalira wachibale wapafupi. Yambani mwafunsa kuti wamwalira ndani.

Madala a ku Domwe:
Mwana wanga, ine ndakhala kapitawo pa misika ya fodya zaka zambiri, zimene ukunenazi zinandionekera. Atangondikweza ndinagula kope lachikuto cholimba, m'mawa uliwonse kuima pa geti kulemba ochedwa. Anthu amene dzulo lake tinkabwerekana fodya wosuta! Tsiku lina mvula inabwera mwadzidzidzi mabelo ali panja, malona ali pomwepo pakona, anyamata anangoima m'khonde manja m'thumba. Ndikufunsa, akuti "simunatiuze, akapitawo". Mabelo asanu ndi awiri ananyowa, ena anachita nkhungu. Usiku umenewo sindinagone. Amene anandipulumutsa ndi mkulu wina yemwe ndinkamuona ngati mdani. Ndinapita kwawo Lamlungu ndi paketi ya shuga, osati ku ntchito, kwawo, ndinakhala pa mphasa. Anandiuza kuti chimene chinawawawa si udindo wanga, koma kuti anamvera kwa dalaivala kuti ndakwezedwa, palibe anawaitana kuwauza. Ndinawasiyira kugawa magulu ndi kuyang'ana kasanjidwe ka mabelo, ine kope ndi sikelo. Tinagwira limodzi nyengo zisanu. Koma usapite ndi mtima wokawagula, munthu wamkulu amazindikira msanga.

Wa ku Furancungo:
Pepani madala, koma shuga sathetsa nkhaniyi. Mukangowapatsa kagawo mwavomereza kuti kapitawo weniweni ndi iwo. Ine kwathu ndinachotsa mmodzi, ena onse anakhala chete.

Wosunga mabuku ku Tsangano:
Kukhala chete si kugwira ntchito, achimwene. Ine funso langa kwa mwini nkhani: anyamatawo mumawalipira pa thumba kapena pa mwezi? Ngati ndi pa mwezi, lole ikanyamuka 12 kapena 5 koloko kwa iwo n'chimodzimodzi. Ndipo muone bwino ngati pansi pa zonsezi palibe nkhani ya ndalama. Kumene ndinkagwira kale tinavutika miyezi itatu ndi ulesi wotere, ife kumati ndi mwano. Kenako tinamva kuti mnyamata wina anapita ku INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni, kukaona dzina lake, anapeza mulibe kanthu, chonsecho 3% ya malipiro ake ankadulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo 4% ya kampani sinkapitanso. Onse ankadziwa kupatula ife a mu ofesi. Munthu wotere ungamuchitire msonkhano wa m'mawa kangati? Musalonjeze kuwakonzera zimene si inu mumasainira, mukalephera ndiye mwatheratu.

Kapitawo wa ku Ulongwe:
Asanu ndi a pa mwezi, enawo ndi aganyu a nyengo ino, timawalipira pa tsiku. Za INSS sindinaonepo mapepala, zonse zimachitikira ku Tete. Madala, kwawo kwa akuluwo ndimakudziwa, ndi msuweni wa mayi anga, n'chifukwa chake zikundivuta kwambiri. Pa ntchito ndiwaitane bwanji, malume kapena dzina?

Mayi wa maofesi ku Moatize:
Malume, nanga n'kusintha chifukwa cha kope? Koma ine ndikuona kuti nonse mwasiya nkhani yaikulu. Vuto ndi foni ya bwana. Ku kampani ina ya kontrakiti kuno tinataya akapitawo atatu chaka chimodzi chifukwa mwini wake ankakonda kuoneka wachifundo, kapitawo akakana iye kuvomera. Muwapemphe akabwera adzaime pamaso pa onse anene yekha kuti zopempha zizidzera kwa inu. Musakadandaule pa foni, ndipo musatchule maina a anyamata, zikawafika mudzakhala kazitape. Pitani ndi maola amene lole inaima, mabwana amamva zimenezo.

Wa ku Furancungo:
Ndiye poti ndi malume mpamene muyenera kuwachotsa msanga. Chibale pa ntchito chimaononga. Mudzandikumbuka.

Dalaivala wa msewu wa Zobwe:
Ine ndingonenako mbali yathu. Mukatisunga mpaka 5 koloko ndiye kuti titsika ku Mussacama kuli mdima, katundu ali pamsana, malole a makala ali mumsewu. Depoti ikatchuka ndi kuchedwetsa timauzana, tsiku lina mudzaimba foni palibe woyankha. Ena amaika kandalama pa gulu lonse lole ikatuluka nthawi yabwino, koma ndinaona kwina anyamata akuthamangira ndalamayo n'kusanja matumba mopendama, tinakamanganso katundu pa Moatize.

Madala a ku Domwe:
Zoona, kusanja ndi luso, si aliyense. Paja soya chaka chino mukumugula wouma bwanji kumeneko? Kuno alimi akubweretsa wosauma, sikelo ikuwakomera koma m'depoti akutentha matumba.

Wosunga mabuku ku Tsangano:
Kunonso chimodzimodzi. Alipo ali ndi kamakina koyezera chinyezi kobwereka sabata ino? Kathu kanafa batire.