Apolisi akufuna kuonana nane za mwana wanga kusukulu, ndichite chiyani?

Mayi wa anyamata awiri: Abale, mtima suli m'malo. Kusukulu ya boma komwe amaphunzira mwana wanga wazaka 15 kumabwera wapolisi kudzaphunzitsa za kuipa kwa chamba ndi mankhwala ozunguza bongo. Lero ndalandira kalata yoti ndikaonane ndi ahedi, wapolisiyo akakhalaponso. Bambo ake tinasiyana, foni sayankha, koma achibale awo pakamwa mbee kuti ndikulera moipa ndine. Aphunzitsi a masamu nawonso samukonda, chaka chatha anamulanda foni. Ndipite ndekha? Angamutsekere?

Mphunzitsi wopuma: Wapolisi m'kalasi sathandiza! Ku America anayambitsa D.A.R.E., maphunziro oletsa ana mankhwala ozunguza bongo, mu 1983 ku Los Angeles, apolisi ovala yunifolomu n'kumaphunzitsa ana. Ofufuza anapeza kuti ana omwe anaphunzirawo sankasiyana ndi anzawo pa kusuta.

Mlongo wanu: Mayi, simunatiuze. Amupeza nacho, kapena wangotchulidwa ndi anzake? Kalatayo ikuti chiyani?

Wapolisi wa m'dera: Aphunzitsi, musaopseze anthu. Ntchito yathu yogwira ndi anthu a m'dera ndi kudziwa amene akugulitsa kunja kwa mpanda. Mayi pitani, ndipo mwana asafunsidwe mafunso inu mulibe.

Mphunzitsi wopuma: Nanga bwanji ana amaopa kuulula? Onani ku Iceland. Mu 1998, ana 42 pa 100 aliwonse azaka 15 ndi 16 ankaledzera, pofika 2016 anatsala 5. Anachita ndi masewera akaweruka, makolo kucheza ndi ana awo, ndi lamulo loletsa ana kuyenda usiku.

Bambo wina: Wanga anachotsedwa sukulu chifukwa cha ndudu imodzi. Wogulitsayo mpaka lero akuyenda mwaufulu. Zimandiwawa.

Agogo: Makolo a masiku ano mumagulira ana mafoni, kenako muzidabwa.

Mlongo wanu: Agogo, foni yalowa bwanji apa? Mayi, khalani naye pansi usiku uno, mumufunse mofatsa. Musasaine pepala lomwe simunaliwerenge, ndipo mutenge munthu wamkulu wokuperekezani.

Mphunzitsi wopuma: Ndikubwereza, chofunika ndi mlangizi wa ana pasukulu, osati unyolo!

Mayi wa anyamata awiri: Zikomo nonse. Mwanayo wadzitsekera kuchipinda, sakudya. Bambo ake ndawaimbiranso, sakuyankhabe.

Mlongo wanu: Koma mayi, amupeza nacho kapena ayi?