Kodi ubale wa ogwira ntchito a ku Britain ndi gulu la Lenin unali weniweni?

Nambewe wa ku Luton:

Moni nonse. Ndili ndi funso kwa inu odziwa mbiri yakale. Kumsonkhano wa yuniyoni yathu mayi wina wachikulire, mzungu, ananena monyadira kuti agogo ake anali m'gulu la ogwira ntchito padoko amene anakana kukweza zida m'sitima yotchedwa Jolly George pofuna kuteteza Russia. Ine zinandizunguza mutu, chifukwa chipani cha Labour chimene ndikuchidziwa sichifuna n'kumva komwe za chikomyunizimu. Ubale umenewu unachokera kuti? Unali ubwenzi weniweni, kapena a ku Moscow ankangowagwiritsa ntchito anthuwa?

Bambo a Tadala:

Achemwali, mayi ameneyo sananame. Koma nkhaniyi inayamba kalekale a Bolshevik, gulu la Lenin, asanalowe m'boma la Russia, akadali anthu othawa kwawo, opanda ndi khobidi lomwe.

Mukakhala ndi mpata pitani ku London, pa 37a Clerkenwell Green, pomwe lero pali Marx Memorial Library. Mu 1902 Lenin atasowa kosindikizira nyuzipepala yake ya Iskra, Harry Quelch wa Social Democratic Federation ndi amene anamulandira m'nyumba imeneyo. Malo anali ochepa, moti anachita kumudulira kachipinda ndi matabwa, kolowa tebulo limodzi ndi mpando. Kachipindako kalipo mpaka pano. Nyuzipepalayo ankaisindikiza pamapepala opyapyala kuti izembetsedwe mosavuta kulowa ku Russia. Quelch sankayembekezera kanthu kwa mlendo ameneyu, poti nthawi imeneyo palibe ankalota kuti adzalamulira dziko.

Mu 1907 chipani chonse cha masosholisiti a ku Russia chinachitira msonkhano wake m'tchalitchi cha Brotherhood Church mu London momwemo. Munali Lenin, Trotsky, Stalin ndi Rosa Luxemburg. Anakangana mpaka ndalama zinawathera, ena anasowa ndi ya ulendo wobwerera. George Lansbury, amene anadzakhala mtsogoleri wa Labour, anathandiza kuwapezera ngongole ya mapaundi 1,700 kwa Joseph Fels, mwini fakitale ya sopo. Boma la Soviet linadzabweza ndalamazo mu 1922.

Za Jolly George zinachitika padoko la London mu May 1920, asilikali a Poland atalowa mu Ukraine pomenyana ndi boma la Soviet. Anthu a padoko ataona kuti mabokosiwo ndi zida zopita ku Poland, anasiya kukweza, ndipo othira malasha nawonso anakana kuthira. Sitima ya nthawi imeneyo yopanda malasha inkangokhala padoko, basi. Muganize, awa anali anthu olembedwa ganyu tsiku ndi tsiku pachipata. Kukana ntchito kunali kuika nsima ya ana pachiswe. Munthu sachita zotere chifukwa wauzidwa ndi kalata yochokera kutali. Ambiri anali atangotaya ana ndi abale pankhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo sankafuna ina.

Chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi cha 1926. Sitiraka ya dziko lonse la Britain, yothandiza ogwira ntchito m'migodi ya malasha, inatha patangopita masiku 9, ndipo akuluakulu a TUC, mgwirizano wa mayuniyoni a ku Britain, anakana ndalama za ku Russia poopa kunenedwa. Ogwira ntchito m'migodi ya malasha anatsala okha kwa miyezi pafupifupi 7, mabanja akudyera kumakhitchini a ulere. Amigodiwa analandira ndalama za ku Russia zija, ndipo mabungwe a ogwira ntchito a ku Soviet anatumiza zoposa mapaundi 1 miliyoni. Midzi ina ya amigodi ngati Maerdy ku Wales anthu ankaitcha Little Moscow.

Che Jali:

Bambo a Tadala, mwafotokoza bwino, koma mwakometsera mbali imodzi. Ndalama za 1926 zija sizikanatuluka mu Russia popanda chilolezo cha chipani cholamula, ndipo chipanicho chinali ndi zolinga zake. Komanso musaiwale a Menshevik, mbali ya chipani chija imene inkatsutsana ndi Lenin. Nawonsotu anali masosholisiti a ku Russia, anakhala nawo m'tchalitchi chija, koma pofika 1922 anali m'ndende kapena atathawanso kwawo. Atsogoleri a Labour ankazidziwa izi. Chipani cha Chikomyunizimu cha ku Britain chitapempha mu 1920 kuti chilowe mu Labour, anachikana, ndipo anapitiriza kuchikana chaka ndi chaka.

Ngakhale anadzipatula chomwecho, ubalewo unawapwetekabe. Mu October 1924, kutatsala masiku 4 kuti anthu aponye voti, Daily Mail inatulutsa kalata yomwe inkati yalembedwa ndi Zinoviev, mmodzi wa atsogoleri a ku Moscow, youza makomyunisiti a ku Britain kuti akonzekere kuukira boma. Kalatayo inali yopeka, koma inathandiza a Conservative kupambana, boma la Labour la Ramsay MacDonald n'kugwa.

Mayi Nyirenda:

Ndiwonjezereko ya kwathu kuno. Mkangano womwewu unamupezanso Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay amene anatsogolera bungwe la ogwira ntchito la ICU ku South Africa. Mu December 1926 anachotsa makomyunisiti m'bungwemo, mu 1927 n'kupita ku Britain kukafuna abwenzi a Labour. Iwo anamutumizira William Ballinger wa ku Motherwell mu 1928 kuti akhale mlangizi. Awiriwa sanamvane, ndipo bungwelo linagawikana.

Bambo a Tadala:

Che Jali, za a Menshevik mukunena zoona, ndipo n'zomvetsa chisoni. Koma pa za ndalama ndikutsutsanibe. Kaya akuluakulu a ku Moscow ankafunanji, mwana wa ku Maerdy anadya, pomwe atsogoleri a kwawo anali atasiya bambo ake pamtetete. Ndipo amigodiwo sanasanduke akapolo a Moscow ayi: pachisankho cha 1929 anavotera Labour, osati makomyunisiti. Achemwali a Nambewe, mukakumananso ndi mayi uja muwafunse ngati agogo awo anali okweza katundu kapena othira malasha, ndiponso ngati ntchito anaipezanso padokopo za Jolly George zitatha.